Utsi wa pa Baraka ya Belmira

Ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, zaka zoyamba nkhondo itangotha, anthu ambiri analibe wotchi koma ku ntchito sankachedwa. Ankangoyang'ana utsi wa Belmira. Ukayamba kukwera pa denga la baraka yake, woyera ndi wowongoka, ndiye kuti kwacha ndipo tiyi ali pafupi. Baraka imeneyi inali kanyumba kamalata kogulitsiramo zakudya, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Malawi, pomwe magalimoto akuluakulu ankandanda kudikira kuwoloka mlatho. Madalaivala ankadyapo mpunga, nyemba ndi nyama yambuzi, n'kulandirirapo ndi chidzudzulo chaulere, pakuti mayiyu pakamwa pake panali pakuthwa. Ukalowa m'khitchini mwake ndi ndudu pamlomo, unkatuluka utakumbutsidwa kumene unachokera.

Kwawo kunali ku Tsangano, kumapiri ozizira kumene kumalimidwa kachewere. Ali mtsikana anagwirako ntchito m'khitchini mwa Mpwitikizi wina wa munda waukulu, ndipo n'komweko kumene anadziwira chitofu chachitsulo cha nkhuni, chimene iye ankachitcha fugau. Anakwatiwa ndi Hilário wa mfunda wa Gama, munthu wanthabwala, wovina ngoma mpaka fumbi kobo, ndipo anabereka mwana mmodzi, Ester. Tsiku lina anthu a mfuti analowa m'mudzi Hilário ali kudimba. Belmira anagwira mwana padzanja n'kuthawira ku Ntcheu, osatenga ngakhale chipande. Ali kumeneko kunabwera munthu wina amene analumbira kuti anaona mtembo wa Hilário m'mbali mwa mtsinje. Belmira analira maliro opanda mtembo, anameta, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mtendere utabwera sanabwerere kumudzi, chifukwa m'minda munali mabomba okwirira ndipo iye ankaikonda miyendo yake yonse iwiri. Anatsikira ku Tete, dziko lotentha ngati m'ng'anjo, n'kuyamba kuphika pa mafuwa m'mphepete mwa msewu. Ester anakula n'kukwatiwa ndi José, mmisiri womanga nyumba wa ku Chingodzi. Chitofu chinabwera ndi Lameck, dalaivala wa ku Mwanza amene ankadya pamenepo nthawi zonse. Anachipeza m'bwinja la sitolo ina yakale panjira, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo anachikweza pamwamba pa katundu. Anthu anaseka kuona chidzimbiri chimenecho. Belmira sanaseke. Anachipala ndi mwala ndi mchenga, anamata ming'alu ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa, José n'kumuikira paipi yotulukira padenga, imene madalaivala ankati chumuni koma iye ankati shamine.

Tinene zoona, chitofu chimenechi ankachisamala kuposa mmene anthu ena amasamalira ana awo. M'mawa uliwonse ankayamba wawola phulusa n'kulithira m'chitini chokhala ndi chivundikiro, kutali ndi nkhuni, chifukwa ankati phulusa ndi labodza, limaoneka lozizira pamwamba khala lili m'kati. Nkhuni ankafuna za tsanya, zouma gwa. Wogulitsa akabwera ndi zaziwisi ankabwerera nazo, atauzidwa kuti nkhuni zotero zimasiya mwaye womata ngati phula m'chumuni, ndipo tsiku lina mwayewo umayaka n'kupsereza denga. Parafini pa moto wake sankafika. Loweruka m'mawa sankaphika. Chitofu chikazizira ankakwera padenga, mayi wamkulu ndithu, chitenje atamanga ngati kabudula, n'kutsitsa waya wautali wokhala ndi chisanza kumapeto, kukoka ndi kubweza mpaka mwaye wonse utagwera pansi. Akatsika ankasuzumira kunsi kwa paipi, ndipo akaona kadontho ka thambo ndiye ankatenga machesi. Lamulo lake lalikulu linali la zenera: moto uli m'chitofu, zenera la m'khitchini silitsekedwa, kaya kugwe fumbi kaya mvula.

Hilário anatulukira masana ena, atakhala pamwamba pa matumba a kachewere, pa lole ya wamalonda wa ku Tsangano. Wamalondayo anatsika n'kunena kuti, "Dona Belmira, ndakubweretserani katundu wanu." Belmira anatuluka akupukuta m'manja, pakamwa pali pokonzeka kutsutsa mtengo. Munthu amene anatsika pa lolepo anali wowonda, wa imvi, wopanda mano akutsogolo, koma makutu anali omwe aja.

"Nangozo," anatero munthuyo, kumuitana ndi mfunda wake monga ankachitira kale.

Thupi lonse la Belmira linachita tsemwe pa dzuwa la ku Tete. Munthu amene anamumetera maliro anali ataima patsogolo pake, atanyamula kathumba. Sanakuwe, sanathawe. Analowa m'khitchini, anatapa phulusa m'chitini muja, n'kudzamuwaza nalo pachifuwa. Phulusa linakakamira pa malaya, munthu sanazimirire. Apo ndi pomwe anakhala pansi pafumbi, madalaivala akuyang'ana masupuni ali m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo Belmira anali ndi chinthu chimodzi chimene anatsimikiza mumtima: munthu ameneyu anamutaya kamodzi, sadzamutayanso. Anamugulira malaya abuluu pamsika, anamukonzera pogona, ankamuikira nyama yofewa poti mano kunalibe. Koma wovina ngoma uja sanabwere nawo pa lole. Hilário ameneyu ankayankhula pang'ono, ankakhala chotsamira khoma, ndipo chakudya ankachisiya kuti chizizire asanachikhudze. Za kumene anali zaka zonsezo ankangoti, "Kumapiri." Ntchito imodzi yokha ndiyo anaigwira mosauzidwa, ya nkhuni. Ankaziwaza timitengo tating'ono, kusenda makungwa onse, kuziyanika padzuwa, ndipo nkhuni zakezo zinkayaka popanda kufuka kwenikweni. Belmira ananyadira kwa anthu kuti Mulungu wamubwezera mwamuna wodziwa moto, ndipo sanafunse kuti luso limenelo analiphunzira kuti.

Posakhalitsa chitofu chinayamba nthenda. M'mawa wina atakoleza moto, utsi m'malo mokwera unabwerera m'khitchini, kutulukira pachitseko cha chitofu ndi m'mphepete mwa mapoto. Belmira anatsokomola, anatukwana, anazimitsa moto n'kukwera padenga. M'kamwa mwa chumuni anasololamo chiguduli chonyowa. Mbalame sizimanga chisa ndi chiguduli chonyowa, zimenezo ngakhale mwana akudziwa. Patapita masiku anapezamo chibuma cha dothi. Mtima unamuuza dzina limodzi lokha, la Graça, mayi wa Chinyungwe amene anali ndi baraka yake pafupi pomwepo, yomwe mabenchi ake ankakhalidwa ndi ntchentche kuposa anthu.

Anapita komweko chiguduli chili m'manja, n'kuchiponya patebulo.

"Komadre, mwaiwala katundu wanu padenga langa."

Graça anayang'ana chigudulicho, anayang'ana Belmira, n'kukana m'Chinyungwe chake. "Ndine lini, mana. Ine na thupi langa ili ndikwire padenga? Malata yangadagwa."

"Mwatuma munthu."

"Wakutuma ndiribe. Fufuzani bwino kwanu komweko."

Belmira anamva ngati mwano. Anayankhula mawu tsiku limenelo amene sitingawabwereze pano, ndipo Matundo yense anamva kuti mkazi wa ku Tsangano akakwiya safuna chimkuzamawu. Anachotsa makwerero n'kuwabisa kuseri kwa mulu wa nkhuni, kumene ankadziwako iye ndi mwamuna wake basi. Ndiye kunali kubisa nyama kwa mphaka.

Tsoka linadza mwezi wa mphepo, pamene fumbi la ku Tete limalowa mpaka m'mano. Ester anali ndi pakati potopa, ndipo ankabwera kudzathandiza mayi ake ntchito zopepuka. M'mawa umenewo Belmira anamusiyira nyemba pamoto n'kuwoloka mlatho kukagula nyama mumzinda. Pobwerera anakwera chapa, kagalimoto kotsegula kumbuyo konyamula anthu, ndipo ali pakati pa mlatho anayang'ana ku Matundo monga ankachitira nthawi zonse, kufuna kuona utsi wake. Kunalibe. Nthawi imeneyo Ester anayenera kukhala atasonkhezera nkhuni za mpunga. Belmira anayang'ananso, anapeza mtengo wa mlambe umene unali kuseri kwa baraka, anapeza denga lake likuwala. Pamwamba pake panali poyera.

Anatsika chapa chisanaime bwino, nyama n'kuisiya momwemo. Panja anapeza Hilário atakhala pa chitsa, msana ku baraka, maso kumsewu. Sanamufunse kanthu. Chitseko cha khitchini chinali chotseka, zeneranso lotseka. Ester anali atatseka chifukwa cha fumbi limene linkagwera m'nyemba. Belmira anakankha chitseko ndi phewa, ndipo mpweya umene unamuwomba unali wotentha ndi wolemera, wopanda utsi wambiri, pakuti nkhuni zinali zitasanduka makala ndipo makala a tsanya safuka zooneka. Ester anali chigonere pansi pafupi ndi lichero la mpunga, tsaya lili padothi, atasanza.

Belmira sakumbuka mmene anamunyamulira. Anthu amati anamukoka m'khwapa mpaka pamsewu, akuitana dzina lake ndi mawu amene sanali ake. Woyamba kufika ndi ndowa ya madzi anali Graça, yemwe uja. Lameck anali pa mzere wa magalimoto, ndipo anasiya lole yake pomwepo, anaimitsa galimoto yaing'ono ya munthu wosamudziwa n'kuwakweza. Ester anatsegula maso ali pa mlatho, mphepo ya pamtsinje ikumuwomba, koma sanadziwe kuti ali kuti. Kuchipatala namwino anamvetsera pamimba nthawi yaitali, Belmira mtima uli m'malere, kenaka anati mwana akugunda. Ananenanso kuti mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka, umangomupatsa munthu mutu ndi tulo, ndipo akanachedwa pang'ono akanataya awiri.

Madzulo dzuwa lisanalowe Belmira anabwerera ku Matundo yekha, mantha atasanduka ukali. Anali atatsimikiza kuti chimene achipeze m'chumunimo akachionetsa kwa apolisi. Makwerero anawapeza atatsamira khoma lakuseri, osati kumene anawabisa. Anakwera. M'kamwa mwa paipi munali nsalu yokanyiziridwa zolimba, yakuda ndi mwaye, mbali ina yopserera. Anaikoka ndi manja onse awiri, anaikutumula, ndipo inatambasuka n'kuonetsa mikono, kolala ndi mabatani. Batani lachitatu linali losiyana ndi anzake, poti analisokerera yekha. Anali malaya abuluu aja.

Anakhala padengapo nthawi yaitali, malata akumuwotcha, iye osamva. Mutu unangoima. Anali atatukwana mnzake pamaso pa anthu, anali atabisa makwerero, anali ataganizira za ufiti, chonsecho munthuyo ankagona naye mphasa imodzi ndi kudya nyama yofewa. Ndipo munthuyo anatsala pang'ono kupha mwana wake yemwe ndi mdzukulu wosabadwa.

Hilário anali akadali pa chitsa chija, atavala kamalaya kam'kati. Belmira anaima patsogolo pake.

"A Gama, malaya awa ndi a yani?"

"Ndi anga, Nangozo."

"Anakwera okha padenga?"

"Ndinakwera nawo ndine. Chiguduli chija ndinenso, ndi dothi lija."

Anayankha mosabisa, ngati munthu amene wafunsidwa njira. Belmira anaona kuti zikhatho zake zinali ndi matuza, chifukwa anagwira paipi moto ukuyaka.

"Mwana wanu akanafa lero. Mukudziwa?"

"Ndinaona mukumukoka. Ndinalephera kudzuka." Anayang'ana zikhatho zake. "Ine ndimamulondera. Inu munachoka, iye anatsala yekha ndi mimba, ndiye utsi unayamba kukwera. Utsi wanu umapita kutali, Nangozo. Umaoneka."

"Ndiye cholinga chake chimenecho. Ukapanda kuoneka tidya chiyani?"

Hilário anapukusa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anayankhula za kumapiri. Anati ankakhala m'chigwa china, mabanja angapo, kubisala anthu a mfuti a mbali zonse ziwiri. Kumeneko moto unali ndi malamulo ake. Unkakolezedwa m'dzenje, ndi timitengo touma topanda makungwa, ndipo pamwamba ankayala chiguduli chonyowa kuti utsi uzikwawa pansi. Tsiku lina kunafika mayi wachilendo ndi mwana wodwala, wosadziwa malamulowo. M'mawa Hilário ali kuphiri lina kuyendera misampha, anacheuka n'kuona utsi ukukwera kuchokera m'chigwa.

"Woyera, wowongoka, ngati wanuwu. Ndinathamanga, koma enawo anali pafupi kuposa ine. Ndinakwirira anthu ndi khasu limodzi mpaka dzuwa kulowa. Kamwana kaja ndinakaika pamodzi ndi amake."

Belmira anakhala pansi pafupi ndi chitsacho.

"Ndikudziwa kuti gera inatha, nkhondo kulibenso," Hilário anapitiriza. "Mwandiuza inu, wailesi yandiuza. Koma ukangokwera utsi uja, miyendo imanyamuka yokha. Kuthengo chiguduli chinkatipulumutsa. Sindinadziwe kuti m'nyumba chimapha."

Apa ndi pomwe Belmira anazindikira za nkhuni zosenda makungwa zija, zimene ankanyadira nazo kwa anthu. Anazindikiranso kuti m'mawa uliwonse, iye akamaimba nyimbo pokoleza moto, mwamuna wake ankakhala panja kudikira imfa. Anamva chisoni chachikulu, ndipo ukali sunachoke. Ziwirizi zinakhala pamodzi m'chifuwa mwake ndipo zinkamulemera.

José anabwera m'mawa mwake. Anali mkamwini waulemu, ndipo anakhala chapatali ndi apongozi ake monga mwa mwambo, chipewa chili pabondo, koma mawu ake analibe chipewa.

"Amayi, ine ndayankhula ndi wa lole ya kachewere uja. Sabudu, Loweruka likubwerali, akupita ku Tsangano. Abambo apite kwa abale awo, kumudzi kulibe shamine. Akakhala pano, Ester sapondanso pakhomo pano, ngakhale mwana akabadwa."

"Ndi bambo ake a Ester amenewo."

"Ndikudziwa, amayi. Koma dzulo ndikanaika maliro awiri."

Belmira sakanamutsutsa. Mnyamatayo ankanena zoona, ndipo abale a ku Tsangano amene ankawanenawo anali manda ndi mabwinja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akasunga mwamuna, ataya mwana ndi mdzukulu. Akamukweza pa lole, ndiye kuti wamumetera maliro kachiwiri, ulendo uno ndi manja ake. Anangoti, "Bwerani sabudu m'mawa. Kathumba kawo mukapeza nditamanga."

Masiku otsatirawo chitofu sichinayake, ndipo anthu a ku Matundo ankachedwa ku ntchito. Belmira anapita kwa Graça atanyamula nkhuku, n'kugwada, chinthu chimene palibe anali atachionapo. Graça analandira nkhuku mosanyinyirika, poti mawu aja anali okwana nkhuku ndithu. Belmira atamufotokozera za mwamuna wake, Graça anamuuza kuti mchimwene wake amene anachoka ku usilikali ankalowa kunsi kwa bedi tayala la galimoto likaphulika, ndipo chimene chinamuthandiza ndi ntchito yomata matayala, kuwagwira ndi manja ake tsiku ndi tsiku. Belmira anabwerera mawu amenewo akumuzungulira m'mutu.

Loweruka José anafika m'mamawa. Kathumba kanali pakhomo, komanga kale. Hilário anali atakhala pambali pake, atavala malaya akale amene anabwera nawo, wokonzeka ngati mbuzi yopita kumsika. Belmira anatuluka ndi waya wake wa chisanza.

"A José, lole sinafike. Khalani pa benchipo muone." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "A Gama, njira ya padenga mukuidziwa kuposa ine. Lero mukwera ine ndikuona, osati mobisala. Gwirani."

Hilário anayang'ana wayayo, kenaka anaulandira ndi manja ake amatuza. Anakwera. Belmira anaima pansi n'kumalamula ngati kapitawo: tsitsani pang'onopang'ono, potozani, kokani, bwerezaninso, gogodani paipiyo ndi kamtengo timve ngati ikulira bwino. Mwaye unagwa wambiri, pamodzi ndi zidutswa za dothi ndi ulusi wabuluu wopserera. Atatsika anamulowetsa m'khitchini, anamuwoletsa mwayewo, n'kumugwaditsa pa chitofu.

"Suzumirani. Mukuona chiyani?"

"Thambo."

"Imeneyo ndi njira ya utsi. Ukapanda kudzera umo umadzera mwa Ester. Palibe njira yachitatu. Mwamva?"

"Ndamva."

Anamupatsa machesi. Mtengo woyamba unathyoka m'manja mwa Hilário, wachiwiri unazima. Wotsatira unagwira udzu, udzu unagwira timitengo take tija, ndipo moto unayamba kulira m'chitofu mmene umalirira chumuni chikamakoka bwino. Belmira anaika ketulo, n'kumugwira mwamuna wake pamkono kutuluka naye panja. Mkazi wa ku Tsangano sagwira mwamuna pamaso pa mkamwini, koma tsiku limenelo manyazi anawasiya m'nyumba.

Utsi unakwera, woyera, wowongoka. Hilário anauyang'ana ndipo thukuta linatsika m'khosi mwake. Belmira anamva mkono uja ukukoka kulowera kumakwerero, ndipo anaumirira ndi mphamvu zonse za munthu wonyamula mapoto. "Imani pompano," anatero chapansipansi. "Tione limodzi amene abwere."

Anadikira. José anali ataimirira pa benchi paja osadziwa. Kenaka lole ina yaikulu inatsika pa mlatho kuchokera mumzinda, inachepetsa liwiro, n'kupatukira pa baraka fumbi lili kobo. Munatsika munthu wamtali amene palibe ankamudziwa, ndipo anayenda molunjika kwa iwo dzanja lili m'thumba la jekete. Maso a Hilário anali pa dzanjalo.

"Bondiya, amayi," anatero mlendoyo. "Ndauona utsi wanu ndili pa ponti, ndiye ndati apa pali anthu."

Hilário anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwamva, Nangozo? Auona ali pa mlatho."

"Ndamva. Simunaname, umaoneka."

"Ndiye akufuna chiyani?"

"Afunseni nokha."

Mlendoyo anayang'ana uku ndi uku, kudabwa kuti walowa m'nkhani yanji. Hilário anasuntha phazi limodzi, n'kufunsa.

"Mukufuna chiyani kuno, bambo?"

Munthuyo anatulutsa dzanja m'thumba. Munali kapu yachitsulo yophwanyika m'mbali. "Tiyi, madala, ngati alipo. Ndachoka ku Changara opanda kanthu m'mimba."

Hilário anayang'ana kapuyo ngati sanaonepo kapu chibadwire. Kenaka anailandira ndi manja awiri n'kulowa nayo m'khitchini. Ali panja Belmira anamva zenera likukankhidwa mpaka kumapeto, kenaka mlomo wa ketulo ukugogoda pa kapu. Anakhala pa mulu wa nkhuni n'kulira mosabisa, kulira kumene sanalire tsiku la phulusa lija. Lole ya ku Tsangano itafika n'kuliza hutala, José anapita kukayankhula ndi mwini wake, ndipo pobwera anatola kathumba kaja n'kukakaika m'nyumba.

Ester anabereka mwana wamkazi, ndipo mwanayo anaphunzira kuyenda pogwira mabenchi a pa baraka. Chumuni chija Hilário ndiye ankachisesa Loweruka lililonse mpaka pamene mawondo anakana makwerero, ndipo sichinatsekekenso. Koma Belmira, amene tsopano ndi wokalamba ndipo pakamwa pakadali pomwepo, amati kuchira kwenikweni sikunabwere. M'mawa uliwonse, kwa zaka zonse zimene anakhala naye, utsi ukangoyamba kukwera mwamuna wake ankatuluka n'kukaima pamsewu. Ankayang'ana kumlatho, ankayang'ana kumene kumachokera magalimoto a ku Malawi, ndipo akaona kuti obwerawo ndi anthu anjala chabe, ankabwerera kudzatsuka makapu.